Madzi a Pansi pa Katungwe

Chimene chinayamba kumudabwitsa Garikai Munhenga ndi thanki ya madzi ya ku paki. Magetsi m'tauni yawo ankayaka usiku wokha, choncho pampu inkadzaza thanki anthu atagona kuti m'mawa athirire kapinga. Koma kukacha ankaipeza ili gwaa, kapinga ali wofiira ngati kale.

Garikai ndiye anajambulira khonsolo mapulani a paki ya Chikwarani, ndipo kunena zoona, bamboyu ankadzimva nawo. Dambo la kumunsi kwa paki, lomwe linkanyowa chaka chonse, iye ankaliona ngati malo ongowonongeka. Analikumbira ngalande ndi chitsime chakuya, dambo n'kuuma m'miyezi iwiri. Pamenepo ndi pomwe ankafuna kuthira simenti ndi kuimika akatungwe a ana.

Iye mwana analibe. Chaka chathacho mkazi wake Chenesai anabereka mwana wakufa kale, amayi a m'deralo n'kukamuika okha mwa mwambo, mwamuna osauzidwa malo. Tsopano Chenesai anali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo nyumba yonse inkayenda monyang'ama ndi mantha.

"Uyu yekha adzasewera pa katungwe wanga," ankatero Garikai.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati madzi akuba ndi anyamata otsuka magalimoto, ena ankati dambolo lili ndi eni ake. Mlonda wa paki, a Gwatidzo, anangomutengera Garikai kumunsi n'kumulozera pansi. Pa dothi long'alukalo panali malo onyowa, ozungulira, lililonse kukula ngati lichero. Garikai anawerenga, anakwana khumi ndi asanu ndi awiri.

"Paipi yaphulika pansi," iye anatero.

"Munakwiriramo paipi kuno, bwana?"

Paipi kunalibe.

Usiku woyamba iye ndi a Gwatidzo anabisala limodzi kuseri kwa kanyumba ka pampu. Mdima unali wa ndiweyani, ndipo dambo lomwe kale linkasokosa ndi achule linali zii. Pakati pa usiku anamva mpopi ukulira pang'onopang'ono, kenaka mapazi opanda nsapato, ambiri, akutsetsereka pa udzu wouma. Kumunsi kunamveka madzi akuthiridwa mosamala, monga amachitira posambitsa khanda. Garikai anagwira tochi, koma a Gwatidzo anamukanikiza dzanja.

"Musayatse," ananong'ona. "Zina mwamuna saona."

Usiku wachiwiri anapita yekha, ndipo anayatsa.

Anali amayi. Anaima ndi zidebe zawo, aliyense pa malo ake onyowa, osathawa. Chakumapeto, atagwada ndi chigubu cha kukhitchini kwake komwe, panali Chenesai.

Mayi wina wachikulire, wogulitsa tomato pa geti la paki, ndiye anatsegula pakamwa. "Zimitsani, mwanangu. Sukulu yonseyo sanakuuzeni? Mwana wopita asanamere mano amagona ponyowa. Pakauma pamene wagona, mimba ya mayi wake imaumanso. Inu mwatiumitsira ana."

"Bwanji simunanene?"

"Tinene kwa mwamuna? Pa msonkhano wanu uja munatifunsa mtundu wa penti."

Garikai anayang'ana mkazi wake. "Ndi pamenepo?"

"Ndi pano, bambo," Chenesai anayankha osadzutsa mutu. "Pomwe mwakhoma chikhomo chofiirachi."

Chinali chikhomo cha mzati wa katungwe. Anachikhoma yekha, akuimba mluzu.

M'mawa anathamangira ku ofesi kukapempha kuti bwalo la ana lisunthidwe. Akuluakulu anamuseka. Mapulani anali ake omwe, anasainidwa kale, ndipo tsiku lotsegulira linali litalengezedwa. Atafunsidwa chifukwa, anabisa zoona, poti akanatchula malowo akanaulula chinsinsi cha amayi onse aja. Anangoti nthaka ndi yofewa. Anamuuza kuti n'chifukwa chake pali simenti.

Lolemba antchito a khonsolo anathira simentiyo. Thanki anaizinga ndi waya, mpopi n'kuukhoma loko. Garikai ankanyamula yekha chigubu usiku kukathira m'mbali mwa simenti, koma madzi ankangoyenderera kupita mu ngalande yake ija. Munthu wamkulu ankalira ngati mwana, ndipo zinali zomvetsa chisoni.

Lachisanu usiku Chenesai anadzuka atagwira pamimba. Garikai anafika naye ku chipatala, koma anamwino anatuluka akuyang'ana pansi. Kusanache, amayi aja anabwera ndi kansalu koyera n'kunyamuka okha. Kumene analowera sanamuuze, ndipo iye sanafunse.

Miyendo inamufikitsa ku paki dzuwa lisanatuluke. Loko anali chikhomere, thanki yodzaza mpaka pakamwa. Mphepo kunalibe, koma katungwe mmodzi ankagwedera pang'ono, unyolo ukulira. A Gwatidzo anaima potero, chipewa chili m'manja.

"Usiku wonse sikunabwere munthu, bwana. Ndikulumbira."

Pamwamba pa simenti youma, yopanda mng'alu ngakhale umodzi, panali malo onyowa, ozungulira ngati malichero. Garikai anawerenga. Anabwereza kachiwiri.

Anali khumi ndi asanu ndi atatu.