Kapeti Wasamuka

Anjimile ankakhala ku Lewisham ndi amayi ake ndi abambo ake. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi. M'thankimo munali madzi amchere. Munali mchenga ndi miyala. Munalinso tinsomba tiwiri.

Koma Anjimile ankafuna chinthu china. Ankafuna duwa m'thankimo.

Loweruka lina abambo ake anabwera ndi jumbo yamadzi. M'madzimo munali chinthu chobiriwira. Chinali chophwatalala ngati kapeti.

"Adadi, limeneli ndi duwa?" anafunsa Anjimile.

"Si duwa ayi," anatero abambo. "Ndi nyama ya m'nyanja. Dzina lake ndi anemoni."

"Nyama yopanda maso?"

"Maso ilibe. Koma kamwa ili nayo, pakatipo. Pansi pake pali phazi limodzi."

Anjimile anaganiza pang'ono. "Ndimutcha Kapeti," anatero.

Abambo anavala magolovesi. Anamuika Kapeti pamchenga, kutsogolo kwenikweni.

"Usamugwire ndi dzanja," anatero abambo. "Amamata, ndipo amayabwa ngati chitedze."

M'mawa mwake Anjimile anapita kukamuona. Kapeti panalibe. Anjimile anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anamupeza kuseri kwa mwala.

"Adadi, mwamusuntha ndinu?"

"Ine ayi. Wayenda yekha."

"Mubwezereni kutsogolo. Kumeneko sindikumuona bwino."

"Tikamukoka, phazi lake ling'ambika," anatero abambo. "Malo amasankha yekha."

Kapeti anayendanso. Tsiku lotsatira anayendanso. Ankayenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Akamupatsa chakudya, ankakana. Anayamba kutuwa. Anayamba kuchepa.

Tsiku lina masana abambo anali kuntchito. Ankayendetsa basi yopita ku Greenwich. Amayi anali atagona. Anali atagwira shifiti yausiku kuchipatala.

Anjimile anapita pathanki. Anaona Kapeti atakwera galasi. Anali atafika pafupi ndi pampu yoyendetsa madzi m'thankimo. Pampuyo inkakoka madzi mwamphamvu. Tsopano inkakokanso m'mphepete mwa Kapeti.

Anjimile anapinda mkono wa juzi yake. Anakweza dzanja pamwamba pa madzi. Kenako anaima. Anabweza dzanja lake. Anathamangira kuchipinda.

"Amami, pepani, dzukani," anatero. "Pampu ikumukoka Kapeti."

Amayi anadzuka msanga. Anazimitsa pampu pakhoma. Madzi anangoti zii. Kapeti anali asanavulale.

Amayi anatenga siponji yatsopano. Anavala magolovesi. Anaphimba kukamwa kwa pampu ndi siponjiyo. Kenako anayatsanso.

"Tsopano siimukokanso," anatero amayi. "Wachita bwino kundidzutsa."

"Koma n'chifukwa chiyani akuyendayenda?"

"Kaya, mwanangu. Chilipo chimene akufuna."

Anjimile anakhala pansi. Anayang'ana mchenga. Anayang'ana miyala. Kenako anayang'ana m'mwamba. Pamwamba pa thanki panali nyali yaitali. Mbali ya kupampu inkawala. Mbali inayo inali yakuda.

"Amami, taonani. Nyali yafa mbali iyi. Kapeti akutsata kuwala."

Amayi anawerama. Anayang'ana m'mwamba nawonso.

"Zoonadi," anatero. "Ife akuluakulu timangoyang'anira pamwamba. Tawaimbira adadi ako."

Anjimile anatenga foni ya amayi. Abambo anali pa nthawi yopuma. Anamvetsera zonse.

"Chabwino," anatero. "Poweruka ndidzera kusitolo."

Madzulo abambo anabwera ndi nyali yatsopano. Anachotsa yakale. Anaika yatsopanoyo. Thanki yonse inawala mbee.

Tsiku limenelo Kapeti sanasunthe. Tsiku lotsatira sanasunthenso. Anjimile anadikira. Pochokera kusukulu ankayamba kaye wamuona.

Kenako Kapeti anatsika pagalasi. Anafika pamchenga. Anakwirira phazi lake pansi pa mwala. Anadzitambasula. Abambo anamupatsa kachidutswa ka nsomba. Kapeti anakapinda ndi thupi lake, n'kukameza.

"Wadya," anatero Anjimile.

"Ndiye kuti wakhazikika," anatero abambo.

Kapeti anayambanso kubiriwira. Anayambanso kukula. Koma sanabwerere kutsogolo. Anakhala pakona, pafupi ndi khoma.

Anjimile anayang'ana pakonapo. Anakoka kampando kake. Anakaika pakati pa thanki ndi khoma. Atakhala pamenepo, ankamuona Kapeti yense.

Amayi anabwera ndi kapu ya tiyi. Anagwada pambali pake. Abambo anasuzumira pamwamba pa mitu yawo.

"Koma pano m'pothina," anatero amayi.

"Wasankha ndi Kapeti," anatero Anjimile.

Anasendera pang'ono, ndipo onse atatu anakwana.