Zimitsani, Muyatsenso

Pakampani ponse dzina lake lenileni linali litaiwalika. Ankangomuti Zimitsani, chifukwa aliyense woimba foni kudandaula za kompyuta ankamva yankho limodzi: "Zimitsani kaye, muyatsenso."

Tsiku lina anamuitana mnyamata watsopano wa desiki la pakona, amene anzake ankamuti Chitayi chifukwa cha tayi yake yotambalala ngati lilime la ng'ombe.

"Achemwali, intaneti yandithawa."

Zimitsani anasuzumira pansi pa desiki. Chingwe chazuka basi! Anachibwezera.

"Mwina ndachikola ndi phazi," anatero Chitayi, maso ali pansi.

Sabata isanathe chinazukanso. Kenako chinazukanso. Phazi lanji losamva chonchi? Koma posakhalitsa "achemwali" anasanduka "duwa langa", ndipo foni ya Zimitsani sinkapuma.

"Wapamtima, ine ndi iwe mpaka imvi. Ndalumbira!"

Mtsikanayo ankawerenga, n'kumwetulira, n'kubwerera ku mabuku ake. Anali atatopa ndi kusolola mapepala otsamwa mu pulinta. Ankafuna kukhala injiniya wa netiweki, wolumikiza nthambi zonse za kampani. Loweruka lililonse ankayeserera pa siwichi yakale, bokosi lolowetsamo zingwe limene abwana anataya, mpaka anakhoza mayeso. Anamukweza pantchito n'kumuuza kuti asamukira ku chipinda cha maseva, makompyuta aakulu a kampani, pansanja yapamwamba.

Anathamangira kwa Chitayi.

"Zatheka! Lolemba ndikuyamba!"

Chitayi anapotokola tayi.

"Ndiye chingwe changa chikazuka abwera ndani?"

"Alemba wina. Kodi sukusangalala nane?"

"Kumwambako kuli mainjiniya a magalimoto awo. Ine wodinda mapepala undikumbukiranso? Bola tisiyane ndisanachite manyazi."

Mayo ine! Munthu wolonjeza imvi, lero kuthawa chifukwa cha masitepe? Zimitsani anakadzitsekera kuchimbudzi n'kulira mpaka maso psuu. Zinamupweteka zedi, koma ntchito sanaikane. Anamulembera uthenga umodzi: "Ndikukwera, koma mtima ndausiya pakona pomwepo."

Yankho ziii.

Ntchito yatsopano inali yokoma, koma chipindacho chinkazizira koopsa. Mafani akulira, tinyali tobiriwira tikuphethira m'mizeremizere. Mkulu wa mainjiniya, mayi wosaseka chisawawa, anamuphunzitsa kuti kanyali kalikonse ndi desiki la munthu kunsiko. Zimitsani anagwira zinthu msanga, koma maso akewo, osamva kuletsa, ankangothawira pa kanyali ka pakona.

Lachisanu lina masana kanyaliko kanazima. Kanayaka. Kanazimanso. Kanayakanso.

"Chingwe chowonongeka sichiphethira mwadongosolo chonchi," anatero mayi aja, akuyang'anira pamwamba pa magalasi. "Pali munthu akuzula ndi dzanja. Tsika ukamukalipire."

Ndi dzanja? Ndiye phazi lija linali bodza? Wonama iwe!

Zimitsani anatsika masitepe. Anamupeza Chitayi atagwada pansi pa desiki, chingwe m'manja, tayi ikusesa fumbi.

"Ndiye nthawi yonse ija unkazula dala?"

"Dala, duwa langa. Pakamwa pankalemera."

"Nanga lero ukufunanji? Si unati tisiyane?"

"Ndinachita mantha, ndinalankhula zopusa. Foni ndimaigwira, mawu osabwera. Kwera mpaka padenga, ine ndizikuombera m'manja." Anatulutsa kamphete m'thumba la malaya. "Ndinazimitsa ndine. Kodi sizingatheke kuyatsanso?"

Ofesi yonse inali itasiya kutaipa, makosi atatalika. Zimitsani anaseka misozi ili mbwe mbwe mbwe.

"Bwezera kaye chingwecho, abwana anga akuona kumwambako."

Chingwe chinalowa, kha! Apo m'pamene Zimitsani anatambasula chala.