Mbawa Wopingasa Msewu wa ku Chia

Mtengo wa mbawa unagwa mopingasa msewu wa ku Chia ndendende momwe Sufiyani anafunira. Iye anali mmisiri wosema mabwato, ndipo pogwetsa mitengo panalibe womuposa. Munali mu 1959, anthu atatopa nacho chitaganya, ndipo mphekesera inali yoti asilikali akubwera kudzagwira atsogoleri awo. Mtengowo unali woti uwatsekere njira.

Fakiri, mtsogoleri wa gulu lotseka msewulo, analamula kuti nkhwangwa zonse azikweze m'bwato akazibise kutsidya kwa nyanja, kuopa kuti apolisi angapeze umboni. Onse anamuyamikira kuti mkuluyo mutu wake umagwira.

Dzuwa litakwera inafikadi galimoto, koma osati ya asilikali. Inali ya chipatala cha mishoni, ya mtanda wofiira pachitseko. M'katimo munagona Rahila, mayi amene kwa masiku awiri ankavutika kuti achire, mwana osabadwa. Fakiri anati amenewo ndi machenjera a azungu. Apo mwamuna wa Rahila, msodzi wotchedwa Chande, anatsika n'kugwada m'matope.

"Abale anga, chitaganya inenso sindichifuna," anatero. "Koma mkazi wangayu magazi akumuthera."

Sufiyani atasuzumira m'galimotomo, anaona kuti Chande akunena zoona. Anaitanitsa nkhwangwa, koma pamsewu ponsepo panalibe ndi imodzi yomwe. Amuna makumi atatu anakankha mtengowo, wosasuntha n'komwe. Anathamangitsa bwato kukatenga nkhwangwa zija, enawo n'kumunyamula Rahila pamachira a nkhafi ndi nsalu, ulendo wapansi. Mayiyo anatsirizika asanafike n'kuchipatala komwe.

Apolisi anagwira amuna asanu ndi awiri, kuphatikizapo Sufiyani. Fakiri anawapangira kuti onse akanene kuti mtengo unagwa ndi mphepo. Kubwalo la milandu ku Boma, woweruza anati kutseka msewu ndi mlandu, koma kutsekereza galimoto ya odwala ndi mlandu woposa, kaya munthu ali ndi dandaulo lomveka chotani. Anawafunsa mmodzimmodzi, ndipo aliyense anatchula mphepo. Sufiyani anaona Chande atakhala kumbuyo, atazolika, ndipo bodza linamukanika.

"Mphepo siigwira nkhwangwa, bwana. Ndinadula ndine."

Anamulamula kukakhala kundende zaka zitatu. Sanadandaule nazo zakazo. Pomutulutsa atamangidwa unyolo, anaima pafupi ndi Chande n'kupepesa, misozi ili chuchuchu, chifukwa cha mkazi wake uja.

Chande anakweza maso pang'onopang'ono.

"Mwapepesa za mmodzi, achimwene," anatero motsitsa mawu. "M'manda muja tinaikamo awiri."