Kalongonda wa pa Tsiku la Anakubala

Anakumana pa siteji ya ku Chilomoni, m'minibasi yomwe inkachedwa kudzaza. Kalisto, mnyamata wowotcherera zitsulo, ankangoyang'ana wotchi uku akukalipira kondakitala. Tithokoze, amene anakhala naye mpando umodzi, kupirira kunamukanika. Anamuuza kuti munthu wopupuluma chonchi sangaphike kalongonda.

Kalisto sankamudziwa n'komwe kalongondayo. Tithokoze anamufotokozera kuti ndi nyemba zomwe malemu mayi ake ankaphika kwawo ku Thyolo. Umaziwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Ukafulumira kuphula, zimakuzunguza mutu.

"Wodzandikwatira ine ayambe waphika kalongonda," anatero akuseka.

Kalisto sanatsutse. Anangopempha nambala ya foni.

Chaka chinatha awiriwa ali pa chikondi cha ponda apa nane ndipondepo. Kenako linafika Tsiku la Anakubala, tsiku limene Tithokoze amangodzitsekera m'nyumba kukumbukira mayi ake. M'mamawa foni yake inalira. Anali Kalisto: "Duwa langa, lero usalire. Tonse tili pa holide. Tikaonere kanema, kenako ndikakuphikire ndi manja angawa."

Kokaonera kanema m'tauni kunali kozizira bwino. Tithokoze anatsamira paphewa la Kalisto, akudyetsana mbuliwuli. Koma foni ya mnyamatayo sinkapuma. Anatuluka nayo kawiri konse. Itawala kachitatu ili pamwendo pake, maso a Tithokoze anafika msanga pa uthengawo. Unachokera kwa Veronica.

"Moto ukuzima kuno. Ndatopa kukudikira. Mnzakoyo asadziwe kanthu."

Veronica ndiye ndani? Moto wake uti? Ndiye kuti chaka chonsechi iye anali wongotayitsa nthawi? Anatuluka kanema asanathe, misozi ili mbwembwembwe. Ankamukonda Kalisto, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka chonchi.

"Pitani, bambo, mukakoleze moto wanuwo," anatero Kalisto atamupeza panja.

Mawu akuti "bambo" aja anamulasa Kalisto kuposa mbama. Anachonderera kuti angopita limodzi kunyumba kwake, akadzionere yekha. Tithokoze anavomera, osati chifukwa chomukhulupirira, koma ankafuna aione nkhope ya mkaziyo. Anakwera minibasi mpaka ku Chilomoni.

Pakhonde anapeza mayi wachikulire ndithu akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto, maso atafiira ndi utsi.

"Alamu anga aja ndi amenewa?" anafunsa mayiyo. "Mwandikhaulitsa lero. Makala atha, moto ukuzima, mwiniwake ali kokaonera kanema."

Veronica uja anali mayiyu, achemwali ake a Kalisto a ku Bangwe. Tithokoze ankamva za iwo tsiku ndi tsiku, koma dzina lawo anali asanalimvepo, poti wamkulu satchulidwa dzina. Anatero okha kuti mchimwene wawoyo anadzuka mbandakucha kutereka potoyo, ndipo iwo anangoitanidwa kudzasonkhezera moto.

Tithokoze anavundukula. Fungo lomwe linatuluka linali la kukhitchini kwa mayi ake. Manyazi ndi chimwemwe zinamugwira nthawi imodzi, ndipo analira osabisa.

Potembenuka anapeza Kalisto atagwada, mphete ili m'manja.

"Unati ayambe waphika kalongonda. Ndaphika, mtima wanga. Undilola?"

Tithokoze anapukuta misozi. Anatapa nyemba imodzi, n'kuifinya ndi zala, n'kuyang'ana madzi a m'potomo.

"Sanapse," anatero. "Madziwa akadali akuda. Yankho langa lidikira kalongondayu."

Achemwali anaseka mpaka kutsokomola. Kalisto anaika mphete m'thumba nathamangira kokagula makala. Atabwerera, awiriwo anakhala pamkeka pafupi ndi mbaula, Tithokoze akudula tomato ndi anyezi, Kalisto akukupiza moto. Anataya madzi, kuthira ena, kutayanso.

Tithokoze ankamuyang'ana chamchiba. Maola atatu anadutsa, ndipo munthu uja wokalipira makondakitala sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi.

Dzuwa litapendekera ku Michiru, Tithokoze analawa nyemba imodzi. Anatafuna pang'onopang'ono, mwadala, Kalisto akumuyang'anitsitsa.

"Wapsa," anatero, n'kumutambasulira chala.