Wopotokola ndi Womvetsera

Lachinayi limenelo Lines anaweruka mochedwa dala. Anadikira kuti owulutsa mawu apite kwawo, kenako anatenga tochi, kasikuludilaiva ndi kawayilesi ka m'manja, n'kukwera kamtunda ka m'mphepete mwa munda wa tiyi kupita ku kanyumba ka thiransimita, makina oponya mawu a wayilesi kutali. Chiperoni chinali chitatsika m'phiri, kukuwaza pang'onopang'ono.

Wayilesi yawo inali yaing'ono, ya m'dera, ndipo thiransimitayo anailumikiza ndi manja awo, iye ndi mwamuna wake Morton. M'kati mwake mumabadwa masiginolo awiri. Amayenera kukhala ndi mphamvu zofanana ndendende, yachiwiri ikutsatira yoyamba m'mbuyo ndi kota ya mzungulo, osapitirira, osachepera. Morton ankati ali ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi. Akasemphana, mawu a wayilesi amakatulukiranso pena, pomwe sakuyenera kumveka, ndipo amisiri amachitcha chithunzithunzi. Chawocho chinagwera pomwe amalankhulirana anthu opulumutsa osochera m'phiri. Kalata ya oyang'anira mawayilesi sinazungulire: chizime pofika Lachisanu m'mawa, apo ayi wayilesi itsekedwa.

Kuchizimitsa ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amapotokola tizitsulo tiwiri m'kati mwa makina, wina amapita patali ndi kawayilesi n'kumanena pa foni ngati chikuchepa. Wopotokola anali Lines. Womvetsera anali Morton, yemwe ankaima pansi pa mtengo wa mbawa kutsidya kwa munda, ndipo ankadzitama kuti khutu lake limamva nyerere ikutsokomola. Akamaliza ankati, "Chazima, make Tamanda. Tiyeni tikamwe tiyi."

Koma Morton anapita ndi madzi a namondwe cha ku Muloza. Thupi silinapezeke, ndipo m'bokosi anaikamo thunthu la nthochi. Chiyambire Lines sanakhudzenso tizitsulo tija. Zinkamuwawa kusuntha chinthu chomwe anachisiya ali awiri.

Pageti anapeza mlonda, a Bonface, atadzikulunga chijasi.

"Mayi, nokhanokha? Ndikanakumvetserani ine, koma makutu angawa anapuma kale pantchito."

"Musavutike, bambo. Ndiyesa ndekha."

Analowa, natseka chitseko. Anayatsa kamluzu koyesera, naika kawayilesi pashelefu, katachunidwa pa chithunzithunzi chija. Ankadziwa kuti pafupi chotere kawayilesi kamanama, koma akanatani? Anapotokola. Mluzu unakwera. Anabweza. Unakweranso. Ola linatha, m'manja muli thukuta ngakhale kunkazizira.

Mwadzidzidzi mluzu unaduka.

Kawayilesi kanayamba kumveka madzi. Madzi ambiri, othamanga, ogubuduza miyala. Kenako munthu anakonza kukhosi kawiri, monga ankachitira munthu mmodzi yekha padziko lino.

"Mwapitirira, make Tamanda. Bwererani pang'ono."

Kasikuludilaiva kanagwa pansi. Lines anayang'ana foni yake. Inali yozima. Anayang'ana chitseko. Chinali chotseka.

"Bambo a Tamanda?"

"Yambani ndi cha kumanzere. Pang'onopang'ono."

Anatola kasikuludilaiva kaja. Anapotokola.

"Eya. Chikuchepa."

Chinalidi kuchepa. Koma Lines anamva chinthu china, ndipo mtima unamuthera. Mawu a Morton nawonso ankachepa. Ankadzera m'chithunzithunzi momwemo. Akachizimitsa, ndiye kuti wawazimitsa.

Anabweza msangamsanga. Mawu anabwerera, omveka bwino ngati munthu waima kumbuyo kwake.

"Mwabwezeranji?"

"Muli kuti? Tinakufunani masabata atatu. Ndiuzeni pomwe muli."

"Kuno kukuzizira. Potokolani."

"Tamanda wakhoza mayeso. Amafunsa za inu."

Madzi okhaokha. Kenako kupuma, kwapang'onopang'ono, kupuma komwe anagona akukumva zaka khumi ndi zinayi.

Lines anakhala pansi pa simenti, nakumbatira kawayilesi, nalira. Amene sanaikepo nthochi m'manda asamuweruze. Anauza mwamuna wake zonse: za denga lomwe likudontha, za achimwene ake a Morton omwe anabwera kudzatenga njinga, za malaya abuluu omwe anakana kuwapereka.  Morton ankangopuma.

Tambala analira ku nyumba za antchito a esiteti.

"Kukucha, make Tamanda. Anthu a m'phiri sakumvana. Wina adzasowa ngati ine."

Lines anaimirira. Anapukuta maso ndi chitenje kuti aone kachitsulo. Anapotokola cha kumanzere.

"Chikuchepa."

Cha kumanja.

"Pang'ononso."

Mawu anali ngati a munthu woitana ali kutsidya kwa mtsinje. Anapotokola kotsiriza, kakang'ono ngati chikhadabo. Madzi analeka. Kupuma kunaleka.

Anadikira kuti amve "chazima". Anadikira kuti aitanidwe kukamwa tiyi. Palibe chinamveka.

A Bonface anamupeza kutacha, ali chiimire, kawayilesi kali kukhutu. Oyang'anira atafika ndi makina awo anayeza kawiri, nafunsa kuti wamuthandiza kumvetsera ndani, poti ntchito yoyera chotere munthu saigwira yekha. Lines anangoti, "Tinali awiri."

Amayi othyola tiyi ndi omwe anayamba kunong'ona. Akuti m'mawa umenewo pansi pa mbawa panali mapazi awiri opanda nsapato, odinda malo amodzi ngati munthu waimapo usiku wonse, ndipo m'mapaziwo munali mchenga wa mumtsinje. Njira yobwerera kapena yopitira panalibe. Ena amati munthu yemwe m'manda mwake muli nthochi amayendayenda mpaka atatsiriza chomwe anasiya. Ena amati sanapite kulikonse, khomo lokha ndi lomwe linatsekeka.

Lines amadziwa kuti kupotokola theka chabe n'kokwanira kulitsegulanso. N'chifukwa chake kasikuludilaiva ndi kiyi wa kanyumbako anazisiya kwa a Bonface, nawauza kuti ngakhale awagwadire asamupatse dzuwa litalowa.

A Bonface akuti Lines wabwera kale katatu kudzazipempha.