Wokwera Wachisanu

Nkhaniyi si ya kumowa ayi. Anaiona ndi maso ake ndi bambo wa sikelo wa pabwalo la ndege la pachilumba chaching'ono, munthu woti ngakhale nthabwala amayamba waiyeza kaye.

Kuchoka pamenepo kukatera pachilumba chachikulu, komwe kuli chipatala, ndi mphindi makumi awiri basi. Ndegeyo ndi yaing'ono, choncho aliyense amayamba waponda pasikelo asanakwere. Masana amenewo bamboyo anayeza anthu anayi: woyendetsa, namwino, mayi wina wapakati amene mwana anamupingasa m'mimba, ndi mwamuna wake.

Wapakatiyo anali mng'ono wake wa mayi wa pawailesi, amene amalankhula ndi ndege pabwalopo. Chimwalirireni amayi awo, azamba akale a pachilumbapo, anangotsala awiriwiri.

Ndege itanyamuka, wa pawailesi analemba nthawi pabolodi. Mphindi makumi awiri zinakwana. Kutsidya anati sakuona kanthu, kumwamba kuli mbee. Makumi atatu. Makumi asanu. Mafuta anali a ola limodzi lokha.

Anaitana mpaka mawu kusasa. Anapempha a maboti, anapempha Mulungu, anamulonjeza ndi zimene sakanatha kukwaniritsa. Panja mbalame zinali zii. Kansalu kosonyeza mphepo kanangoti lende. M'chipinda cha wailesimo munayamba kumveka fungo la sopo wofiira amene amayi awo ankasamba m'manja asanagwire wodwala.

Ola litapitirira, wailesi inakhosomola.

"Achemwali, mukufuuliranji?" anatero woyendetsa, mtima uli m'malo. "Tangoyenda mphindi zisanu ndi ziwiri."

"Terani, chonde. Mafuta."

"Amayi akumbuyowa akuti tisafulumire, sanamalize."

"Amayi ati?"

"Amene munawakweza pomalizira aja."

Wa pawailesi anatembenuka kuyang'ana wa sikelo, yemwe anaima pakhomo. Bamboyo anangotukula zala zinayi.

M'wailesimo munthu ankang'ung'udza kanyimbo chapansipansi. Wa pawailesi anakadziwa. Ndi kamene kankawagoneka ali ana. Kenako khanda linalira.

Ndege inatera kutsidya patapita maola awiri. Wotchi ya woyendetsa inkati mphindi makumi awiri, ndipo mafuta anavomereza wotchiyo. Mayi ndi mwana anali moyo. Mchombo unali womanga kale ndi ulusi wakuda, mfundo zitatu, mmene azamba aja ankamangira. Namwino analumbira kuti sanamange ndi iye. Mpando wakumbuyo unalibe munthu, koma lamba wake anali womanga.

Wa pawailesi atamva zonsezi, anafufuta nthawi pabolodi, n'kukhala pansi.

Madzulo ndege ija inabwerako ndi woyendetsa yekha. Wa sikelo akuti ankapukuta sikelo yake pamene muvi unagwedezeka wokha. Unakwera pang'onopang'ono, ngati waponda ndi munthu wa mawondo otopa, n'kuima pa makilo makumi asanu ndi awiri.

Anavula chipewa. Anadikira mpaka muvi utabwerera.