Chifuwa cha Malemu ku Chelstone

Chinthu choyamba chimene Eness anaona chinali udzu. Kuseri kwa nyumba yawo ku Chelstone kunali kanyumba kamene apongozi ake anamwaliriramo, ndipo chiikireni maliro munalibe wolowamo. Koma m'mawa wina akuyanika zovala, anapeza udzu utagona kuchokera kumpanda wakumbuyo mpaka pakhomo pa kanyumbako, ngati mpita wa mbewa. Loko anali chikhomere.

"Ni agalu chabe, amake Given," anatero mwamuna wake Abson, osatukula n'komwe mutu.

Abson ankagwira ntchito ku ofesi yopereka ziphaso kwa eni mashopu obetcherako mpira, ndipo mashopu opanda chiphaso ankawatseka ndi kulanda makina. Mwana wawo Given atasiya koleji chifukwa cha kubetcha komweko, anali Abson amene anaimirira mu tchalitchi misozi ili chuchuchu, nalumbira kuti mliriwu alimbana nawo mpaka kufa. Eness ankamunyadira mwamunayo.

Usiku wa tsikulo magetsi anazima, mdima unagwira Chelstone yense moti ngakhale agalu anakhala duu. Eness anadzidzimuka pakati pa usiku. Kuchokera kuseri kunkamveka phokoso lotsika, ngati khamu la anthu likubuma maliro kutali kwambiri. Linkakwera pang'onopang'ono, kenako n'kuduka ngati wina walitseka pakamwa. Kunatsatira kaphokoso kena, tswii, tswii, ngati nkhululu yotsekeredwa m'chitini. Atasuntha katani, anaona kuwala kobiriwira kukutuluka pansi pa chitseko cha kanyumba kaja.

Apo m'pamene chinamveka chifuwa, pansi penipeni pa windo lake. Chinali chouma, chokoka, chothera m'kubuula. Eness anasamalira apongozi ake mpaka tsiku lomaliza, chifuwacho ankachidziwa.

Abson anam'gwira mkono. "Choka pa windo," ananong'ona. "Ni amama. Sitinawamangire chiliza, akalipa. Usayendeko kuja mpaka akulu abwele kuchoka kumudzi ku Katete."

Masiku otsatira Abson anayamba kuchoka madzulo, ati akukagwira mashopu obisika ku Kabwata. Eness ankagona yekha, Baibulo lili pachifuwa. Akangoti atsegule chitseko cha kukhitchini kuti amvetsere, chifuwa chija chinkayambira mumdima, ndipo iye ankathawira m'bulangete.

Kenako Given anayamba kudwala. Anaonda, maso anafiira, mawu anasasa. Ankagona usana wonse ngati wamenyedwa. Kuchipatala anati magazi ali bwinobwino.

Muriel, mayi wa nyumba yoyandikana, anamuitanira Eness pampanda. "Amake Given, musanikalipile. Anthu akamba ati usiku pamalumpha vithunzithunzi pa mpanda wanu. Ati motoka yatsopano ya amuna anu si ya malipilo, ati mwana ndiye alipila na magazi."

"Amuna anga ni mkulu wa mpingo," anayankha Eness. "Musabwelezenso."

Usiku umenewo anatenga mafuta odzozera kuti akamupempherere mwana wake. Anapapasa pabedi la Given mumdima, napeza bulangete lozizira. Kunja kubuma kuja kunali kutayamba.

Mantha onse anasanduka chinthu chimodzi: malemu atenga mwana wanga. Anatuluka wopanda nsapato, mame akumuzizira kumapazi. Palibe amene anakhosomola. Atafika pakhomo pa kanyumbako, anapeza loko palibe, ndipo mkatimo munkamveka kupuma kwa anthu ambiri. Anatchula dzina la Yesu, nakankha chitseko.

Pabedi pamene anafera apongozi ake panali wailesi yakanema yaikulu yolumikizidwa ku batire, ikuonetsa mpira wa kutsidya kwa nyanja kumene dzuwa linali lisanalowe. Khamu lobuma lija linali la m'bwalo la mpira. Pansi panadzaza anyamata, ena atavala majuzi a sukulu, aliyense atafumbata kapepala. Pakona panali makina akulavula timapepalato, tswii, tswii, ndipo pambali pake panali chidindo chofiira cha ofesi ya Abson, chosonyeza kuti ndi katundu wolandidwa. Abson mwiniwake anali pampando wa malemu amayi ake, chikwama chili pamwendo.

Given anali atagwada patsogolo penipeni, kukamwa kuli yasa. Sanatembenuke n'komwe.

"Tseka chitseko, kuwala kuzaonekela kunja," anatero Abson. Ndiwo anali mawu ake oyamba.

"Batate ba Given, mwana wanu uyu? Amene munamulilila mu tchalitchi?"

"Ngati sabecha kuno, azabecha kwina. Kuno ndalama ikhala pa nyumba."

Eness anayang'ana mwana wake. "Nanga chifuwa cha agogo ako?"

Given anagwetsa nkhope. "Nine, amama. Adadi anati nikakhosomola pa windo yanu, azanipatsa yobechela. Lelo mpila unanigwila, n'naiwala kubwela."

Eness sanalire. Anakumbukira mmene ankagwadira usiku uliwonse kupempha apongozi ake kuti amukhululukire ngati anawalakwira podwala, chonsecho amene ankamva mapempherowo kunja kwa windo anali mwana wake wobala yekha. Anyamata aja anayamba kuzemba mmodzimmodzi, kulumpha mpanda. Eness anam'gwira Given padzanja ngati kamwana, natuluka naye.

Kutacha analongedza zovala zake ndi za mwanayo kuti apite kwa mkulu wake ku Lilayi. Abson anaima pakhomo atavala kale tayi.

"Ukakamba, nchito yasila. Muzadya chani?"

Eness anamulambalala osamuyang'ana.

Pa siteji ya minibasi mphepo ya m'mawa inkaluma. Given anakhala pa chikwama, akunjenjemera, ndipo mayi ake anamufunditsa chitenje. Patapita kanthawi mnyamatayo anatukula maso ofiira aja. Eness anawerama poganiza kuti mwana akufuna kupepesa.

"Amama," ananong'ona Given, "nibwelekeniko foni. Nifuna chabe nione mwamene mpila uja unasilila."